Ndakatulo yoona ndi maso ndi ndakatulo yomva ndi khutu: kusiyana kwake kuli pati?

Amene amatsatira zolemba za alakatuli achinyamata a mu Lilongwe pa Facebook ndi pa WhatsApp aona kuti ndakatulo zambiri masiku ano zikubwera ngati zithunzi. Ina mawu ake amawasanja mwakuti apange mtima, mtanda kapena mapu a dziko la Malawi. Ina imakhala ya mizere itatu yokha yokankhidwira pakona, tsamba lonse n'kutsala loyera, pomwe ina amailemba pamwamba pa chithunzi cha mayi wosenza nkhuni kapena cha dzuwa likulowa. Zikatere pamabuka mtsutso. Ena amati chinthu chimene munthu sangaimirire nacho pagulu n'kuchilakatula si ndakatulo ayi, koma chojambula chomwe chabwereka mawu. Ena amayankha kuti ndakatulo yakhala ikusintha kuyambira kale, ndipo amene akukana zatsopanozi akungoteteza zimene khutu lawo linazolowera pa wailesi ndi m'kalasi.

Mtsutsowu umavuta kuutsiriza chifukwa mbali zonse ziwiri zimatchula zinthu zingapo zosiyana ndi dzina limodzi. Amene akuti ndakatulo yazithunzi amaphatikiza mitundu yosafanana, ndipo amene akuti ndakatulo yachikhalidwe nthawi zina amatanthauza nyimbo ya pamtondo, nthawi zina ndakatulo ya ndime zinayi ya m'buku la kusekondale. Tikazilekanitsa bwino tiona kuti funso lenileni ndi ili: ntchito imene liwu, thupi ndi gulu la omvera zimagwira pabwalo, amaigwira ndani mlakatuli akachokapo, patatsala tsamba lokha?

Mitundu imene timaiphatikiza

Mtundu wofala kwambiri ndi wa ndakatulo yoperekezedwa ndi chithunzi. Mawu amalembedwa monga mwa nthawi zonse, kenako pambali kapena kumbuyo kwake amaikapo chithunzi chojambulidwa ndi foni kapena ndi dzanja. Mtundu umenewu unatchuka pa Instagram cha m'ma 2014, pamene alakatuli monga Rupi Kaur wa ku Canada anayamba kufikira anthu mamiliyoni ndi mizere yochepa ndi kachithunzi kamodzi. Kuuzindikira n'kosavuta, chifukwa mukachotsa chithunzicho ndakatulo imatsala yathunthu, ndipo mutha kuiwerenga pa wailesi osataya kanthu.

Pamtundu wachiwiri, mawu enieniwo ndiwo amapanga chithunzi. Ziganizo zikadalipo, zili ndi chiyambi ndi mathero, koma utali wa mizere ndi malo amene yaikidwa zasankhidwa dala kuti diso lione chinthu chimene ndakatulo ikukamba. Mtundu wachitatu ndiwo umapita patali kuposa yonse, ndipo m'Chingerezi amautcha concrete poetry, kutanthauza kuti mawu akutengedwa ngati chinthu chogwirika, chokhala ndi msinkhu, mtundu ndi malo ake, osati ngati chotengera uthenga chabe. Pamenepa pakhoza kukhala mawu amodzi kapena awiri okha, popanda chiganizo n'chimodzi chomwe, ndipo tanthauzo limachokera pa mmene mawuwo akhalira patsamba. Mitundu iwiri yomalizayi ndiyo tiziitchula kuti ndakatulo zamaonekedwe m'nkhani ino. Palinso ndakatulo za pa kanema, zomwe zachuluka chifukwa cha mafoni, koma izo n'zachibale kwambiri ndi kulakatula kwa pabwalo, popeza liwu ndi nthawi zimakhalabe m'manja mwa mlakatuli.

Si luso lobwera ndi foni

Zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, mlakatuli wachigiriki Simmias wa ku Rhodes analemba ndakatulo zooneka ngati nkhwangwa, dzira ndi mapiko. M'mayiko a Aluya, luso lolemba malembo mokongola linakula mpaka kufika popanga zithunzi za mbalame ndi ngalawa kuchokera m'mawu, ndipo ku China zinali zachizolowezi kuti ndakatulo ilembedwe ndi burashi pa pepala lomwelo pamene pali chithunzi cha phiri kapena cha mtsinje.

Chitsanzo chothandiza kwambiri pa mtsutso wathu ndi cha George Herbert, wansembe wa mpingo wa Anglican ku England, yemwe ndakatulo zake zinasindikizidwa mu 1633. Ndakatulo yake yotchedwa Easter Wings ili ndi ndime ziwiri, ndipo m'ndime iliyonse mizere imayamba yaitali, imafupika pang'onopang'ono mpaka kutsala mawu awiri pakati, kenako imatalikanso. Pamene mizere ikufupika, mawu akukamba za munthu amene akusauka ndi kuwonda chifukwa cha uchimo, ndipo pamene ikutalika akukamba za kuuka ndi kuuluka pamodzi ndi Khristu. M'buku loyambalo ndime ziwirizi zinaikidwa chammbali pamasamba awiri oyang'anizana, kotero kuti wowerenga akatsegula buku amaona mapiko. Koma ndakatuloyi ili ndi kayendedwe ka mawu ndi mathero a mizere ofanana mamvekedwe monga ndakatulo iliyonse ya nthawi yake, ndipo imamveka bwino ikawerengedwa mokweza. Ikusonyeza kuti maonekedwe ndi mamvekedwe zikhoza kukhala m'ndakatulo imodzi popanda china kupondereza chinzake.

Kusintha kwakukulu kunabwera ku France. Mu 1897 Stéphane Mallarmé anasindikiza ndakatulo imene mawu ake anamwazika patsamba m'malembo akuluakulu ndi ang'onoang'ono, malo opanda kanthu n'kukhala mbali ya ndakatuloyo. Mu 1918 munatuluka buku la Guillaume Apollinaire lotchedwa Calligrammes, momwe muli ndakatulo ya mvula imene malembo ake amatsika limodzilimodzi m'mizere isanu yopendekeka, ngati mvula yamphepo. M'zaka za m'ma 1950, nthawi imene zikwangwani zamalonda zinadzaza mizinda ndipo anthu anazolowera kutola uthenga mwa kungoponya diso, magulu awiri anafika pa ganizo lofanana ali kutalikutali. Ku Switzerland kunali Eugen Gomringer, yemwe anatulutsa buku lake loyamba la mtundu uwu mu 1953, ndipo ku São Paulo, m'dziko la Brazil, kunali abale awiri Augusto ndi Haroldo de Campos pamodzi ndi Décio Pignatari, omwe anayambitsa gulu la Noigandres mu 1952 n'kulemba mfundo za luso lawo mu 1958.

Ndakatulo yodziwika kwambiri ya Gomringer ili ndi mawu amodzi okha a Chisipanishi otanthauza chete. Mawuwo alembedwa ka 14, m'mizere isanu ya mawu atatuatatu, koma pakati penipeni pa mzere wachitatu pasiyidwa mpata wopanda kanthu. Wowerenga amazindikira kuti mawu onse 14 akungotchula chete, pomwe chete weniweni ali pa mpata uja pamene sipanalembedwe kalikonse. Mukaiwerenga mokweza mungobwereza mawu amodzimodzi, ndipo ndakatuloyo idzakhala itathawa. Pignatari, naye, anatenga mawu otsatsira malonda a Coca-Cola, n'kumasinthasintha malembo ake mzere ndi mzere mpaka anathera pa mawu otanthauza ngalande ya zonyansa. Choncho luso limeneli silongokongoletsa, limathanso kudzudzula.

Mmene ndakatulo ya pakamwa imagwirira ntchito

Ndakatulo ya makolo athu inalibe tsamba, ndiye chilichonse chimene inkafuna kuchita inkachichita mkati mwa nthawi. Nyimbo ya pamtondo imayenda ndi kugunda kwa minsi, ndipo utali wa mzere umayenderana ndi mpweya wa munthu amene akusinja. M'nyimbo zoterezi amayi ankatulutsiramo madandaulo a mwamuna wosasamala kapena apongozi ovuta, mosatchula dzina, koma mwakuti mwini nkhani akumva ali chapafupi. Nyimbo za maliro, za chinamwali, zotonthozera mwana ndi mayamiko a mafumu amene Angoni amalakatula pamaso pa Inkosi ya Makhosi, zonsezi zimadalira zida zofanana: chibwereza, kutsogolera ndi kuvomera, kukweza ndi kutsitsa liwu, kupuma, ndi manja.

Chibwereza n'chofunika kuchimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene anthu ozolowera tsamba amaweruza molakwa. Womvera sangabwerere m'mbuyo kuti akaonenso mzere umene waphonya. Mlakatuli ndiye amamubwezera, ndipo pobwerezapo amapatsanso gulu mpata woti lilowe. Wokamba nthano akati "Padangotero," omvera amati "Tili tonse," ndipo woponya chilape sapitirira anzake asanayankhe kuti "Nachize." Omvera ndi mbali ya ntchitoyo, moti akakhala ozizira ndakatulo nayo imazizira. Nyimbo ya pamtondo ija mukailemba papepala imaoneka yosauka, mizere iwiri yobwerezedwa kakhumi, chifukwa chuma chake chatsala pabwalo.

Ndakatulo yolembedwa ya Chichewa, imene alembi monga E.J. Chadza ndi J.W. Gwengwe anaikhazikitsa m'mabuku m'zaka za m'ma 1960, inatenga zambiri m'nkhokwe imeneyi, monga miyambi, zining'a ndi mikuluwiko, koma inaziika m'ndime ndi m'mizere monga mmene ana asukulu ankaonera m'mabuku a Chingerezi ndi m'mabuku a nyimbo za kutchalitchi. Apa pali mfundo imene imaiwalika kawirikawiri. Kudula mzere usanafike kumapeto kwa tsamba, kusiya mpata pakati pa ndime, kuyamba mzere uliwonse ndi lembo lalikulu, zonsezi ndi zinthu za diso. Munthu amazindikira kuti akuyang'ana ndakatulo asanawerenge ngakhale liwu limodzi. Ndiye kuti ndakatulo imene ambiri timaitcha yachikhalidwe ili kale ndi maonekedwe, kungoti tinawazolowera mpaka tinasiya kuwaona. Komabe kwathu kuno tsamba silinalande ufumu wa liwu. Anthu ambiri anamudziwa Benedicto Wokomaatani Malunga pomumva akulakatula, ndakatulo za Robert Chiwamba zinafala kudzera pa wailesi ndi m'mafoni, ndipo mu Lilongwe muno Q Malewezi anathandiza kuti kulakatula pamaso pa anthu kukhale chinthu chimene achinyamata a m'tauni amachitsatira.

Tsamba likatenga ntchito ya liwu

Kumvera ndakatulo kuli ngati kutsatira munthu m'kanjira ka kumunda: iye ali patsogolo, inu mukuona zimene wafikapo, ndipo simungadziwe za kutsogolo mpaka mutafika. Kuona ndakatulo yamaonekedwe kuli ngati kuimirira pachulu n'kuona munda wonse nthawi imodzi, kenako n'kusankha nokha poyambira. Kusiyana kwina konse kumachokera pamenepa. Wolakatula amalamulira nthawi, pomwe wosanja mawu patsamba amalamulira malo, ndipo nthawi amaisiya m'manja mwa wowerenga.

Kuti tione bwino, nachi chitsanzo chopekedwera nkhani ino, chokamba za mpopi umene ukuuma, chinthu chimene anthu a m'madera ambiri a mzinda uno amachidziwa:

do
ntho

do
ntho


do



ndowa kukamwa yasa

Mawu akuti dontho adulidwa pa phatikizo, ndipo phatikizo lachiwiri lagwera pansi pa loyamba, kotero diso likutsika monga madzi atsikira. Mipata ikukula pamene tikupita pansi, kusonyeza kuti madontho akutalikirana. Kachitatu, mawu sanamalizike: pali "do" yekha, ndipo wowerenga amadikira "ntho" amene sakubwera. Palibe pamene palembedwa kuti madzi asiya, koma wowerenga wadziwa. Ndowa ili pansi pa tsamba chifukwa ndi pamene ndowa imakhala.

Wolakatula atapatsidwa mutu womwewu sangagwiritse ntchito njira imeneyi, koma ali ndi zake. Akhoza kuyambitsa mzere wakuti mpopi walira dontho limodzi, gulu n'kumavomera kuti ndowa ikudikira, ndipo ulendo uliwonse iye n'kumachedwetsa liwu, kutalikitsa kupuma, mpaka pomaliza atsegule pakamwa osatulutsa mawu, maso ali m'ndowa imene anthu sakuiona koma akuikhulupirira. Zimene mpata woyera wachita patsamba, kupuma kwachita pabwalo. Zimene kukula kwa malembo kumachita, kukweza liwu kumachita. Koma zotsatira zake sizifanana kwenikweni. Pabwalo anthu amva ludzu limodzi, aseka kapena kudandaula pamodzi, ndipo mwina wina aponyapo mawu ake. Patsamba munthu ali yekha, wazindikira yekha, ndipo chisangalalo chake ndi cha munthu amene wamasulira chilape.

Pamenepa m'pomwe tingapezenso muyeso woyesera ntchito yabwino ndi yofooka, ndipo muyesowu umagwira mbali zonse. Ndakatulo yachikondi yosanjidwa ngati mtima nthawi zambiri siwonjezera kanthu, chifukwa maonekedwe akungobwereza zimene mutu wanena kale, ndipo pofuna kuti mtimawo uoneke bwino mlembi amakakamizika kuika mawu osafunika kapena kudula ofunika. Maonekedwe amakhala ndi phindu pamene akunena chinthu chimene mawu sananene, monga mpata wa Gomringer uja. Chimodzimodzinso, pali ndakatulo zolakatulidwa zimene zimaombetsa m'manja chifukwa cha mphamvu ya liwu ndi nthabwala, koma mukazilemba n'kuziwerenga mofatsa mupeza kuti mkati mulibe kanthu. Kufooka kulipo mbali zonse, ndipo si chilungamo kuyerekeza ntchito yabwino kwambiri ya mbali imodzi ndi ntchito yofooka kwambiri ya mbali inayo, monga zimachitikira kawirikawiri pa mtsutsowu.

Kodi makolo analibe za diso?

Ganizo lakuti luso la makolo linali la khutu lokha silipirira tikaliyang'anitsitsa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amaphunzitsa kudzera m'nyimbo, ng'oma, mavinidwe ndi maonekedwe a gule nthawi imodzi. Nyimbo yake imakhala yaifupi ndi yokuluwika, ndipo nthawi zambiri tanthauzo lake limatseguka munthu akaona amene watulukira pabwalo, nkhope yake, mtundu wake, zimene wavala ndi mmene akuyendera. Gule wotchedwa Simoni, ndi nkhope yake yofiira ndi zovala zake zachizungu, wanena kale zambiri ng'oma isanafike pakati. Amene anafikapo kumalo osungirako zachikhalidwe a Chamare ku Mua aona kuchuluka kwa nkhope zimenezi, iliyonse ndi nyimbo yake ndi mwambo wake. Womva nyimbo yokha watenga gawo, woona nkhope yokha watenganso gawo.

Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zina mwa zojambulazo, makamaka zoyera, n'zokhudzana ndi chinamwali ndi Nyau, ndipo zinkagwira ntchito pamodzi ndi malangizo ndi nyimbo, osati pazokha. Kwa anzathu a mtundu wa Chokwe ku Angola, wokamba nthano amadontheza timadontho pamchenga ndi chala, kenako n'kumazunguliza mzere umodzi wosaduka pakati pa timadonthoto uku akukamba, mwakuti nthano ikamatha chithunzi nacho chatha. Ku Tanzania ndi ku Kenya nsalu ya kanga imakhala ndi mwambi wosindikizidwa m'mphepete, ndipo mayi amasankha nsalu yoti avale podziwa amene akufuna kuti awerenge. Kwathu kuno zitenje za mipingo, za zipani ndi za maukwati, komanso mawu olembedwa kumbuyo kwa maminibasi amene amanyamuka pa depoti kupita ku Area 25, ku Kawale kapena ku Likuni, zimatikumbutsa kuti kuwerenga mawu pamodzi ndi malo amene aikidwa si chinthu chachilendo kwa ife.

Sitikunena kuti zonsezi ndi ndakatulo zamaonekedwe monga za ku Brazil, ndipo kuziika m'thumba limodzi kungakhale kuzichepetsa, makamaka zimene zili za mwambo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'luso la makolo chooneka ndi chomveka zinkachitika limodzi, pamaso pa anthu, mwini luso ali pomwepo. M'ndakatulo yamaonekedwe chooneka chatsala chokha, ndipo chiyenera kudziyankhulira.

Chichewa chikafika patsamba

Chiyankhulo chilichonse chili ndi zimene chimalola mosavuta ndi zimene chimakana. Maphatikizo ambiri a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo n'chifukwa chake mawu athu amaduka mwaukhondo, monga taonera pa dontho. Phatikizo lililonse limatha kuima palokha patsamba n'kutchulika. Komanso mneni wa Chichewa amanyamula chiganizo chonse m'mawu amodzi, mwachitsanzo "sindidzakuiwalani," momwe muli kukana, wochita, nthawi, wochitiridwa ndi ulemu. Mlakatuli wamaonekedwe akhoza kumachotsa kapena kusuntha tizigawo timeneti mzere ndi mzere, tanthauzo n'kumasintha pamaso pa wowerenga, kuchoka pa lonjezo kufika pa kuiwala. Uwu ndi mwayi umene Chingerezi chilibe pamlingo womwewo. Koma utali womwewu wa mawu umavutitsa amene akufuna kupanga chithunzi chokhala ndi nsonga kapena mbali zopyapyala, chifukwa mawu afupiafupi oti adzaze malo oterowo ndi ochepa.

Chuma china ndi mvekero. Tikati kunja kuli zii, nyumba ili mbuu, magazi ali psuu kapena anthu anangoti balala, timajambula chithunzi ndi liwu. Mvekero umadalira kukoka liwu, nkhope ndi manja, ndipo ukalembedwa m'chiganizo wamba umataya theka la mphamvu zake. Apa ndakatulo yamaonekedwe ikhoza kubweza zina mwa zotayikazo, pomwaza malembo a balala patsamba lonse kapena posiya zii yekha pakati pa tsamba loyera. Mbali inayi, Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa liwu, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Mawu akuti mtengo, akalembedwa okha popanda chiganizo, sadziwika ngati akunena za chomera kapena za ndalama zogulira chinthu. Wolakatula alibe vutoli chifukwa liwu lake limasankha. Wolemba mawu amodzi patsamba ayenera kudziwa kuti wowerenga aona matanthauzo onse awiri, ndipo zili kwa iye kuti zimenezi zikhale luso kapena chisokonezo.

Nkhani ya maonekedwe a malembo enieniwo inayamba yaganiziridwapo m'dziko muno. Nolence Mwangwego anayamba kupanga malembo akeake olembera ziyankhulo za m'Malawi mu 1979 ndipo anawakhazikitsa poyera mu 1997. Cholinga chake sichinali ndakatulo, koma ntchito yakeyo imakumbutsa kuti malembo amene timagwiritsa ntchito ndi chinthu chochita kusankhidwa, chokhala ndi nkhope yakeyake.

Amene amafikiridwa ndi amene amatsala

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo ankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndakatulo yolakatulidwa imafika kwa onse, kuphatikizapo otsalawo, ndipo imayenda pa wailesi mpaka kumidzi kumene nyuzipepala siifika. Ndakatulo yamaonekedwe imafuna munthu wodziwa kuwerenga, ndiponso wozolowera kuwerenga mpaka kutha kuzindikira pamene lamulo la kalembedwe laswedwa dala. Munthu wosaona, amene amadalira foni kapena kompyuta kuti imuwerengere, sapeza kanthu pa ndakatulo imene yatumizidwa ngati chithunzi, pokhapokha mlembi atalemba mawu ofotokoza chithunzicho. Komano kwa munthu wosamva zinthu zimatembenuka: wailesi ndi zojambulidwa za mawu zimamusiya kunja, pomwe tsamba limamulandira, ndipo ndakatulo za m'chinenero chamanja, zomwe zimapangidwa ndi kayendedwe ka manja ndi nkhope, ndi ndakatulo za diso zenizeni.

Ndakatulo yamaonekedwe yokhala ndi mawu ochepa imadutsanso malire a ziyankhulo mosavuta. Munthu wa ku Brazil atauzidwa tanthauzo la dontho ndi la mzere womaliza uja akhoza kuimva ndakatulo ya mpopi yonse. Ndakatulo yodzaza ndi mikuluwiko ndi zining'a sizitheka kuiwolotsa chotero, chifukwa kukoma kwake kuli m'kati mwa chiyankhulo ndi m'zimene eni ake amadziwa.

Za m'kalasi, za umwini ndi za kasungidwe

Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE amaphunzitsidwa kupeza woyankhula, woyankhulidwa, phunziro, ndi zipangizo monga chifanifani, chining'a, umunthu, voko ndi funso lachodziwadziwa. Zida zimenezi zimagwira bwino pa ndakatulo ya ndime, koma pa ndakatulo ya mawu atatu omwazika sizipeza pogwira, ndipo n'chifukwa chake munthu wophunzira bwino akhoza kuyang'ana ntchito yotere n'kunena moona mtima kuti palibe ndakatulo. Mafunso oyenera pamenepo ndi ena: diso likuyambira pati, likupita kuti, n'chiyani chasiyidwa, ndipo chingasinthe n'chiyani mawuwa atalembedwa mumzere umodzi. Mofananamo, zida za m'kalasizi sizikwanira pa nyimbo ya pamtondo, chifukwa sizifunsa za ng'oma, za ovomera kapena za amene akumvera ali kuseri kwa nkhokwe.

Pa za umwini, ndakatulo yoperekezedwa ndi chithunzi imakhala ndi eni awiri, wolemba mawu ndi wojambula. Lamulo la zaumwini wa luso la mu 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza zithunzi monga limatetezera mawu, choncho kutola chithunzi pa intaneti n'kulembapo ndakatulo popanda chilolezo ndi kulakwira mnzako waluso. Ngati pachithunzipo pali nkhope ya munthu weniweni, ndipo ndakatulo ikukamba za umphawi, matenda kapena chiwerewere, wowerenga adzaganiza kuti nkhaniyo ndi ya munthuyo, ndipo ameneyo ndi mlandu wina umene mlakatuli ayenera kuuganizira asanatumize.

Kasungidwe nako n'kosiyana. Ndakatulo ya pakamwa imakhala ndi moyo malinga ngati pali woikumbukira, ndipo imasintha pang'ono pakamwa paliponse pamene yadutsa popanda kuwonongeka. Ndakatulo yamaonekedwe simalola kusintha kotero. Mukailemba ngati uthenga wamba pa WhatsApp, foni ya wolandira ikhoza kudula mizere malinga ndi kukula kwa galasi lake, mipata n'kusokonekera, mapiko n'kusanduka mulu wa mawu. Mkonzi wa nyuzipepala amene akufuna kuti ndakatulo ikwane m'danga lopapatiza akhoza kuiwononga osadziwa, pongochotsa mipata imene akuiona ngati malo otayika. N'chifukwa chake alakatuli a mtundu uwu amatumiza ntchito zawo ngati chithunzi kapena PDF, ndipo popereka kwa wosindikiza amafunika kuona tsamba lomalizidwa lisanapite ku makina. Kutumiza ngati chithunzi kumateteza maonekedwe, koma kumachititsa kuti mawu a m'ndakatuloyo avute kuwapeza pofufuza pa intaneti ndiponso kuti makina owerengera osaona alephere kuwawerenga, choncho amene akufuna zonse ziwiri amaika chithunzicho pamodzi ndi mawu ake olembedwa mwa nthawi zonse pansi pake.